Manja a Marnie

Lachitatu, 9 Okutobala

Kalata yochokera kusukulu ya ana osamva. Tsiku la makolo ndi Loweruka. Masabata asanu ndi limodzi chimusiyireni Marnie kumeneko. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, kumagona kutali ndi mayi ake ulendo wa maola asanu!

M'kalatamo muli kapepala kofuna kuti ndisaine. Marnie akupempha kuti tchuthi cha Tsiku Lothokoza, phwando la mabanja la mu Novembala, akadyere kwa mnzake Joelle, amene makolo ake onse awiri ndi osamva. Kwawo kuno ayi. Ndakamata pafuriji osasaina.

Ana a eni makumi atatu m'basi ya sukulu imene ndimayendetsa, phokoso lokhalokha m'mawa uliwonse. Wanga mulibe. Ndamusowa.

Lachisanu, 11 Okutobala

Amunanga a Wendell sapita nawo. Chimanga chikadali m'munda, ndipo akuti chipale chofewa chili m'njira. Ndipita ndekha. Ndamuphikira mabisiketi a mtedza.

Ndawerenga mawu a chinenero chamanja amene ndimadziwa. Makumi anayi basi. Idya, gona, samba, leka, ayi. Ambiri ngolamula. Manyazi bwanji.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndimati ndikapeza bata. Bata lake liti! Kuponda pansi mwamphamvu, kumenya matebulo, kuthimitsa ndi kuyatsa magetsi poitanana. Marnie pakati pawo, akuseka thupi lonse. Kuseka kotero pakhomo panga sindinakuonepo.

Atandiona anathamanga. Manja liwiro, nkhope yonse ikuyankhula nawo. Ine ndinangotolapo "mnzanga" ndi "galu". Misozi yanga mbwee. Ndinagwira manja ake onse awiri, kuwapsompsona, kuwapanikiza pachifuwa panga. Anawatsomphola. Nkhope kugwa nthawi yomweyo. Masana onse manja ali m'matumba.

Mayi Thibodeau, oyang'anira kumene atsikana amagona, nawonso osamva, anandilembera pakapepala: "Pepani mayi, kuno kugwira munthu manja akuyankhula n'kumutseka pakamwa. Amakusimbirani nkhani imene wakusungirani masabata atatu."

Pobwerera ndinaimitsa galimoto kawiri. Msewu sumaoneka ndi misozi.

Lolemba, 14 Okutobala

Zonse zikubwera m'mutu tsopano. Kutchalitchi, m'sitolo, patebulo alendo akabwera. Akangoyamba kugwedeza manja, ine gwire, kuwaika pamiyendo pake kuti anthu asatiyang'ane. Ndimati ndikumuphunzitsa ulemu. Zaka zonsezi, Mulungu wanga! Ndiye ndikudabwa kuti akufuna kwa Joelle?

A Wendell akuti: "Iwe Lorna, ine wanditseka pakamwa zaka khumi ndi zisanu, ndafa?" Ndawagenda ndi kansalu kopukutira mbale. Kenako ndawaona akupita kushedi maso ali psuu. Nawonso ankamugwira.

Ndasaina kapepala kaja. Ndakaponya kupositi ndisanasinthe maganizo.

Lachinayi, 28 Novembala

Tsiku Lothokoza. Nkhukundembo yathunthu, odya awiri. Ndinaika mbale zitatu mosazindikira, a Wendell anachotsa imodzi.

Lachiwiri lililonse phunziro la manja kulaibulale. Mawu afika zana ndi makumi atatu. Ndimayeserera basi ikaima, ana n'kumakuwa: "Mayi Lorna akuthamangitsa ntchentche!" Aziseka, ndilibe nazo.

Mayi ake a Joelle atumiza chithunzi pafoni. Anthu asanu ndi mmodzi patebulo, manja onse m'mwamba, chakudya chikuzizira. Marnie wanga ali ngati wobadwira momwemo. Ndawayankha kuti zikomo. Nsanje ndi imene ndili nayo, ndisaname.

Nanga Khrisimasi akapemphanso kapepala kena?

Loweruka, 21 Disembala

Kapepala sikanabwere. Wabwera yekha mwini wake. Watalika, tsitsi anadula.

Tsiku lonse manja m'matumba. Ndiye ndinamufunsa ndi zala zanga zolimbazi: galu uja, nkhani yake? Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayamba pang'onopang'ono, kenako liwiro lija. Manja anga ananyamuka okha, chizolowezi choipa. Ndinawakhalira. Kuwakhalira kwenikweni, pampando, ngati mwana wopatsidwa chilango.

Anaona. Anaseka kuseka kwa kusukulu kuja, m'khitchini mwanga muno!

Anasimba theka la ola. Ndamvapo pang'ono chabe. Galu, nsapato ya aphunzitsi, wina anagwa m'matope. A Wendell anaseka pamalo olakwika, iye anawamenya paphewa.

Atamaliza anabwera n'kusolola manja anga pansi panga. Anawatukula, kuwaika m'mwamba patsogolo panga, n'kuwasiya. Anakhala pansi, ake atawapinda, maso ali pa ine.

Nthawi yanga. Mawu onse amene ndaphunzira aja anathawa, kunangotsala limodzi. Ndinafumbata dzanja n'kulizunguliza pachifuwa. Pepa.

Anandikonza chala chachikulu, chinali pamalo olakwika. Kenako anati ndipitirize.