Kolti Imene Inagwera M'phompho

Lolemba, 10 Julayi

Kuzizira. Bondo lakumanzere layambanso. Tempe wa soya amene ndimagula kwa mayi woyandikana nane, Bu Lasmi, wachepa, mtengo ndi womwewo.

Masana kwabwera munthu. Wazaka mwina makumi atatu ndi zisanu, jekete yachikopa, nsapato zoyera mopitirira. Dzina akuti Danang, wa ku Ambarawa, ali ndi galaja. Wavula nsapato ndisanamuuze kuti alowe. Sindinamuuze. Tayankhulira pakhonde.

Akuti, "Ibu, mayi, ndinu a Ngatini, mwana wa malemu Pak Wiryo? Ndili ndi galimoto yanu."

Ndamuuza kuti galimoto ndilibe, ndili ndi njinga yamoto imene imakana kulira m'mawa. Waseka. Akuti Kolti yabuluu, minibasi ya 1977. Anaipeza kuseri kwa khola la ng'ombe ku Temanggung nkhuku zikuikiramo, ndipo wakhala akuikonza zaka ziwiri.

Kolti yanga inagwera m'phompho kumunsi kwa phiri la Kopeng mu 1984 n'kupsa yonse. Mzinda wathu wonse wa Salatiga umadziwa. Ndamuuza zomwezo. Wangoweramitsa mutu n'kuti, "Inde, Bu," ngati mmene amayankhira anthu akafuna kukusiya ulakwitse wekha.

Tiyi sindinamupatse, Mulungu andikhululukire. Wasiya nambala ya foni pakapepala. Dzina la bambo anga walitenga kuti?

Lachiwiri, 11 Julayi

Ndamuimbira Retno ku Semarang. Mwana wanga sanadikire kuti ndimalize. "Bu, musasaine chilichonse. Chiphaso chanu musamuonetse. Nanga nyumbayo anaiyang'ana kwambiri?" Bwanji wathamangira ku nyumba? Chaka chachitatu tsopano akundinyengerera kuti ndiigulitse ndikakhale naye. Kapena ndikumuganizira zoipa mwana wosalakwa. Kaya.

Tsiku lonse Kolti m'mutu. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi ndinaiika pansi, munthu wa nsapato zoyera waifukula.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi pamene maso a bambo anayamba kufooka n'kundipatsa makiyi. Dalaivala wamkazi ndinalipo ndekha padepoti yonse. Buluku la bambo, lopinda m'miyendo katatu. Kutsika phiri la Kopeng dzuwa lisanatuluke, kabichi ndi karoti pamwamba, amayi khumi ndi anayi m'kati, aliyense dengu pamiyendo. Nkhungu mpaka osaona bampala. Tukimin, kondakitala wanga, msinkhu wanga womwe, atalendewera pachitseko ndi dzanja limodzi: "Tiga! Tiga! Salatiga!" Madalaivala achimuna ankati ndidzapha anthu. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinagunde ngakhale nkhuku.

Kenako ndinabereka Retno, pa opaleshoni, mu Julayi 1984. Nditatuluka m'chipatala, bala likadali lowawa, amuna anga Darmadi anakhala m'mphepete mwa bedi n'kundiuza. Tukimin anaitenga osapempha kukanyamula fodya wa mnzake, anaphonya pokhota, iye n'kudumpha. Galimoto pansi, moto. Zotsala zake sindinakazione, nanga ndikanayenda bwanji.

Tukimin sindinamuyankhulenso. Tinakumana pamsika kamodzi, anandipatsa moni, ndinalavulira pambali. Maliro a mkazi wake sindinapite. Chiwongolero cha galimoto sindinachigwirenso. Darmadi ankati mayi wa mwana alibe nacho ntchito.

Lachinayi, 13 Julayi

Wabweranso, ndi kaphukusi ka nthochi zokazinga. Ndazipatsa zidzukulu za Bu Lasmi atachoka.

Zithunzi pafoni. Kolti yabuluu ndi Kolti yabuluu, zinalipo mazana. Ndamuuza choncho. Kenako wandionetsa chithunzi cha pansi, pa mapazi a dalaivala. Pa kilatchi pali kachithabwa, komanga ndi mabawuti atatu, limodzi lalikulu kuposa anzake.

Bambo anakasema okha chifukwa mwendo wanga sunkafika. Bawuti lalikululo linali la pa ngolo yathu.

Akuti, "Ndinadabwa, Bu, dalaivala wanji wofuna thabwa. Sindinalichotse."

Ndinayamba kusesa pakhonde pamene ndinasesa kale m'mawa. Anamvetsa, anatsanzika.

Thabwa munthu angathe kulisema dzulo n'kulipaka oyilo. Koma za mabawutiwo wamuuza ndani? Mlongo wanga wamkulu Mas Kirno, mwina. Amene uja akakhala pogulitsira khofi amaulula ndi za m'mimba mwa agogo ake zomwe.

Lachisanu, 14 Julayi

Kumanda kwa Darmadi monga Lachisanu lililonse. Maluwa, madzi, pemphero. Udzu wamera kumutu, ndazula. Zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirire. Munthu wofatsa, kalaliki wa pasukulu, sanandikwezerepo dzanja kapena mawu.

Ndinafuna kumuuza za munthu wa nsapato zoyera. Ndinabwerera osamuuza.

Lolemba, 17 Julayi

Ndapita ku Ambarawa pabasi. Sindinauze aliyense. Ndolo ndinazisiya kunyumba, chiphaso ndinachibisa m'kati mwa malaya.

Galaja ilipodi. Mkazi wake aliponso, woyembekezera, wandipsompsona dzanja. Kathyali amakhalanso ndi mkazi, ndinadziuza.

Anachotsa lona.

Ndi iyo. Utoto watsopano, mipando yatsopano, koma chitseko cha dalaivala chimafunabe kuchinyamula pang'ono kuti chitseke. Dzanja langa linachinyamula lokha ndisanaganize. Danang anaona. Anayang'ana kumbali, zikomo kwa iye.

Palibe pamene panapsa. Ndinagwada ndi bondo langali n'kusuzumira pansi. Chitsulo chake chakale, chowongoka. Galimoto imeneyi sinagwerepo ngakhale mu ngalande.

Wanditulutsira buku la umwini ndi karisiti kachikasu kamene kanali m'katimo. Eni ake asanu. Woyamba bambo, ndi adiresi yathu, ndiye mmene anandipezera. Wachiwiri Darmadi, poti titakwatirana bambo anailembetsa m'dzina la mkamwini. Risiti: 21 Ogasiti 1984. Wogulitsa, Darmadi. Zilembo zake zopendekeka zija, ndingazidziwe ngakhale mumdima. Mboni, Sukirno. Mas Kirno wangayo.

Ndamufunsa Danang chimene akufuna kwa ine. Akuti gulu lawo la magalimoto akale lili ndi chionetsero mwezi wamawa, akufuna ndidzakhale kutsogolo. Basi? Akuti basi. Mwina akufuna gogo woti amujambule anthu aseke pafoni. Tsopano zimenezo zachepa.

Pobwerera ndinapitirira potsikira panga. Kondakitala anachita kundigwedeza.

Lachitatu, 19 Julayi

Kwa Mas Kirno. Ndinamupeza akudyetsa njiwa zake za m'zikwere. Ndinaika chithunzi cha risiti patebulo, Danang anandisindikizira.

Anavala magalasi, anavula, anavalanso. "Zakalekale izi, Ngat. Ukufukuliranji akufa?"

Ndinati wakufa amene ndikumufukula ali ndi matayala anayi ndipo akulira bwinobwino.

Akuti inali nkhani ya chipatala. "Unatsala pang'ono kutisiya. Opaleshoni ija ukuganiza inalipiridwa ndi kabichi?" Nanga kundinamiza bwanji? "Iwe tikanakuuza kuti tagulitsa ukanapita wapansi kukailanda, ulusi uli pamimba." Pamenepo sananame. Nanga Tukimin? "Tukimin anavomera yekha."

Nthawi yonseyi akuyankhula ndi njiwa. Ine sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Mlamu anabweretsa tiyi n'kubwerera msangamsanga kukhitchini ngati wasiya mafuta pamoto. Nayenso akudziwa.

Lachinayi, 20 Julayi

Ng'ombe! Za chipatala bambo anagulitsa ng'ombe yawo yoyera ija. Anadandaula mpaka tsiku lomwalira, ankamutcha Retno "ng'ombe yanga." Zonse zinatha ndisanatuluke n'komwe. Risiti ndi ya milungu isanu pambuyo pake.

Mas Kirno wandinamiza kachiwiri, pa msinkhu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu ziwiri, atangochokera ku mzikiti.

Bu Lasmi wandifunsa ngati ndikudwala. Iye anakwatiwira mumsewu muno mu 1982. Pondipatsa tempe anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndani winanso? Amayi a pamsika? Malemu mayi anga? Ndikuyenda mumzinda wanga womwe ndikuwerenga nkhope za nkhalamba.

Retno waimba kawiri. Ndamuuza kuti munthu uja sanabwerenso.

Loweruka, 29 Julayi

Sindinalembe sabata yonse. Ndimatsegula bukuli, ndimatseka. Kumanda dzulo sindinapite, Lachisanu lapitalo sindinapitenso. Ndinati ndi bondo.

Ndinafufuza za Tukimin kwa mayi wa kabichi wochokera kumtunda. Ali moyo. Amakhala kwa mwana wake kupitirira Getasan. Shuga inamudya maso. Akuti chichokere padepoti sanagwirenso ntchito ya galimoto, ndani akanalemba munthu wogwetsa galimoto ya abwana ake m'phompho. Fodya ndi kabichi pamunda wa eni, moyo wonse.

Ine n'kumamulavulira.

Ndinamuimbira Danang. Ndinati za chionetsero tidzakamba, koma choyamba andiperekeze kumtunda. Lero wabwera ndi Kolti pabwalo la mpira kuti ndiyesere. Yazima katatu. Ana opalasa njinga kuseka. Kachinayi yanyamuka, ndazungulira bwalo kasanu ndi kawiri, phazi lapeza thabwa lake ngati ndinalisiya dzulo. Danang anagwira chitseko mwamphamvu. "Bu, buleki ilipotu, ndinaikonza." Ndamuuza kuti ndinkatsika Kopeng iye asanalotedwe n'komwe.

Ndaseka. Ndinaiwala kuti ndimaseka mokweza chonchi.

Lamlungu, 30 Julayi

Danang anayendetsa mseu waukulu, layisensi yanga inatha kalekale. Titapatukira kanjira ka kumudzi anaima n'kundisiyira. Chitunda chamiyala, minda ya fodya uku ndi uku.

Tukimin anali pabenchi panja, chipewa chaubweya, wowonda ngati nsungwi. Injini ndisanazimitse anali ataimirira kale, nkhope italoza cha kumbali.

"Yu Ngat," anatero, kunditchula ngati mlongo wake wamkulu monga kale. "Palibe munthu wina pa Java yense amene amalowetsa giya yachiwiri ngati akumenya mwamuna wake."

Ndinamugwira dzanja n'kuliika pachipumi panga. Ndinati ndikhululukire, Min. Anachotsa dzanja mwamanyazi. "Aaa, Yu, malovu aja sanandifike. Munaphonya."

Anaipapasa yonse, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Pachitseko cha okwera anagwira pamene ankalendewera, anakweza phazi limodzi, kenako analitsitsa. Mpongozi wake anabweretsa khofi ndi chinangwa chophika. Danang anapita kukaona fodya, ali ndi nzeru mwana uja.

Ndinamufunsa. Ndinamuuza kuti za chipatala asayese, ndazimva kale.

Anamwako khofi wake. Kenako anati, "Padepoti ankayankhula, Yu. Inu simunkamva chifukwa mukafika ankasiya. Mkazi ndi mwamuna m'galimoto imodzi kuyambira m'bandakucha, zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye Pak Darmadi atabwera kudzatiuza kuti mwana wabadwa, wina anafuula ali pamwamba pa basi kuti, kodi watengera kalaliki kapena kondakitala? Depoti yonse kuseka. Pak Darmadi anangotembenuka n'kumapita."

Patatha masabata Darmadi anabwera kwa Tukimin pamodzi ndi Mas Kirno. Sanamukalipire. Anamufunsa katatu ngati mwanayo ndi wa Tukimin, Buku Lopatulika la Korani lili patebulo. Tukimin analumbira katatu kuti ayi. Darmadi anati ngati ndi zoona, achite chinthu chimodzi: achoke, ndipo achoke mwa njira yoti ine ndisadzamufunenso.

"Ndinaganiza kamwanako, Yu. Kakanakula anthu akukayang'ana makutu. Mutandilavulira pamsika paja anthu onse akuona, nkhani inathera pomwepo. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo."

Amene anaipereka Kolti kwa wogula anali Tukimin yemweyo, poti Darmadi sankadziwa kuyendetsa. Akuti anapempha wogulayo kuti thabwa asalichotse.

Ndinamufunsa ngati Darmadi anakhulupirira malumbiro aja. Anati, "Zimenezo mungadziwe ndinu. Ine sindinagone naye nyumba imodzi."

Pobwerera ndinamusiyira Danang chiwongolero njira yonse.

Lolemba, 31 Julayi

Sindinaphike. Tiyi basi.

Zaka makumi atatu ndi zitatu pambuyo pa tsikulo ndinamuyalira Darmadi mphasa yopempherera, ndinamusitira malaya, ndinamusambitsa atadwala. Sanandifunse. Funso limodzi lokha, ndikanamuyankha ndi mbama, zikanatha tsiku lomwelo.

Retno ali wamng'ono, Darmadi akabwera ku ntchito ankamupeza atagona tulo ta masana. Ankakoka mpando n'kukhala pambali pake, osamugwira, kumangomuyang'ana nkhope, nthawi zina mpaka kuitana kwa swala ya madzulo. Ndinkaima pakhomo ndi supuni m'manja n'kumathokoza Mulungu pondipatsa mwamuna wokonda mwana wake chotere. Ndinkauzanso anzanga.

Foni ikulira. Ndi Retno. Afunsa kuti dzulo ndinali kuti.