Thireyi ya Batire ndi Mazira a Eni

Amake Victoria,

Pepani, ndanyamuka musanabwere kothyola tiyi. Thireyi ya batire ya galimoto yathu yakale ya Pijo ija ndaipeza kwa a Stambuli, m'galimoto yakufa ili kuseri kwa nyumba yawo, pamodzi ndi chitsulo chomangira. Zomanga batire ndi mphira zatha, mwana wathu asadzakankhe galimoto pa ukwati wake.

Koma nkhuku yawo imafungatira pathireyi pomwepo, ndiye akazi awo amakaniza. Tagwirizana kuti mazirawo ifungatire nkhuku yathu, anapiye tidzabweza. Mazirawo ndawaika kale m'khola.

Ndili kwa Crispin wowotcherera, akuboola polowa mabawuti. Chonde mazirawo musakazinge. Mukatero, a Stambuli adzazula thireyi yawo, ndipo Loweruka mkwatibwi apita kutchalitchi pa kabaza.

Ndine,
Bambo a Victoria