Sipika Yapakati ya Bambo

Lolemba, 9 Juni

Bambo sanakhalenso pabalaza lero. Nkhani zitangoyamba anadzuka n'kupita kuchipinda. Akuti anthu a pa TV akungotafuna milomo, chikumveka ndi ng'oma basi. Khutu lawo lamanzere linatha kale, lamanja likutsatira.

Mlongo wanga waimba. Akuti ngati akusungulumwa kuno adzawatenga Loweruka. Kuwatenga, ngati katundu! Zaka zitatu ndawasamala ine.

Ndawerenga mpaka mutu kuwawa. Chofunika ndi sipika yapakati yotulutsa mawu okha, ndi dikoda yopatula mawuwo ku masipika awiri amene tili nawo kale. Kumanzere, pakati, kumanja. Atatu basi.

Lachiwiri, 10 Juni

Masitolo anayi pa nthawi ya lanchi. Onse akufuna kundikakamiza masipika asanu ndi chibokosi cha besi. Wina wa tcheni m'khosi: "Bwana, za atatuzo zinapita ndi makaseti." Ndinamujambulira papepala, ndi rula. Analitembenuza n'kulembapo nambala yake. Mbuzi.

Lachitatu, 11 Juni

Ndabwera kuchokera ku ntchito, ndapeza mwamuna wa mlongo wanga, Injiniya wapakamwa uja, atagwada kuseri kwa ampu yanga yokuzira mawu. Timapepala tonse timene ndinamata pa mawaya wachotsa. Tonse! Akuti dikoda n'kutaya nthawi, iye walumikiza sipika yachitatu pa mawaya ofiira awiri, wakumanzere ndi wakumanja.

"Alamu, masukulu anuwa amakupatsani mantha. Waya ndi waya."

Bambo anamuwombera m'manja asanamve n'komwe. Ine ndinapita kukhitchini kukatsuka makapu oyera kale.

Lachinayi, 12 Juni

M'mawa ndaika khutu pa sipika ya Injiniya. Nyimbo zilimo, kuwomba m'manja kulimo, wowerenga nkhani mulibe. Ndamvetsa chifukwa chake. Mawu a munthu amabwera mofanana mbali zonse ziwiri. Ukalumikiza ofiira okhaokha, zofanana zimafafanizana, kutsala zosiyana. Ndiye sipika yoikira mawu ikuimba chilichonse kupatula mawu. Ampu nayo yatentha ngati simbi. Ndazula.

Ndamuimbira Injiniya. Akuti yolakwa ndi TV yanga. Mlongo walanda foni: "Achimwene, munthu wakuthandizani, mungothokoza." Ndadula.

Madzulo ndaona Bambo akupinda malaya awo.

Lachisanu, 13 Juni

Kuseri kwa siteji ya basi kuli mayi wina wokonza mawailesi, magalasi pamphuno, wopanda moni. Anangoyang'ana pepala langa kamodzi n'kukoka kabokosi kafumbi pansi pa benchi. Kali ndi batani la masipika atatu. Rimoti inasowa, pakona pali mng'alu. Anakayesa ine ndikuona, mawu akutuluka pakati mbee.

Ndinafunsa ngati sikadzatentha, ngati ndingabweze, ngati mng'aluwo sudzakula, kenako ngati sikadzatentha.

"Inu bambo, mukugula dikoda kapena mukufunsira mkazi? Nyamulani, mukunditchingira kuwala."

Wamwano. Koma ntchito amaidziwa.

Loweruka, 14 Juni

Ndalumikiza m'mawa, waya uliwonse ndauyang'ana kawiri. Sipika yapakati pansi pa TV, yoloza khutu lamanja. Mpando wa Bambo ndausuntha masentimita makumi anayi.

Bambo anatuluka atavala jekete, chikwama chili pakhomo. Ndinawapempha akhale kaye. Anakhala m'mphepete mwa mpando. Za nyengo zinayamba pa TV. Mphindi imodzi, ziwiri.

"Akunama ameneyu," anatero. "Mvula yake iti?"

Anavula jekete. Anati ndiwaimbire mwana wawo wamkazi, ndinaimba n'kuwapatsa foni.

"Iwe, usabwere, ndikumva tsopano. Eya, chilichonse. Uwathokoze amuna ako, ali ndi mutu mnyamata ameneyo."

Ndinatsegula pakamwa. Anandikupizira dzanja kuti ndikhale chete, akumvetsera.