Nkhope ya Bambo Pakhoma la ku Lilongwe

Nkhotakota Boma,
17 Ogasiti, 1998.

Okondedwa achimwene Ramadhani,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Joni chayamba kukulekani. Ife kuno tilipo, kungoti mwera watisowetsa usipa. Koma sindikulemba za ndiwo ayi. Ndikulemba za mng'ono wanu Zaidi, ndipo mtima wanga ukuwawa kwambiri.

Mukumudziwa Zaidi, mwana wojambula paliponse, ndi pansalu za makasitomala a bambo pomwe. Chiyambireni ntchito ija ya ku Lilongwe yokonza makhadi aukwati pa kompyuta, matendawo anakula. Atabwera ku sadaka ya malemu bambo, anapeza amayi atakhala kuchipinda pafupi ndi makina osokera aja, dzanja lili pagudumu. Anawajambula ndi kamera yobwereka, eni ake osadziwa. Atabwerera, anakawonjezerapo bambo pa kompyuta. Inu mukudziwa kuti bambo anakana kamera moyo wawo wonse. Nkhope yawo Zaidi anaitenga m'mutu mwake, n'kumaijambula pang'onopang'ono akaweruka.

Ku Lilongweko kunali chionetsero cha zithunzi zopangidwa pa kompyuta. Sikuti aliyense ankangofika n'kukoloweka chake. Panali oweruza, ndipo pa mulu wonse wa zithunzi anasankhapo zochepa, cha Zaidi chili momwemo. Nyuzipepala ina inachisindikiza, n'kufika kuno itakulunga zitumbuwa. Amalume Adamu anaipeza pakhonde la mzikiti, azibambo akupatsirana.

Achimwene, amayi akadali mu eda. Pa miyezi imeneyi mkazi wamasiye saonekera kwa amuna akunja, ndipo amayi ausunga mwambowu moti ngakhale pawindo sasuzumira. Amalume anatentha pepalalo, n'kulowa kukawauza kuti, "Mlongo wanga, mwana wako wakupachika pakhoma m'tauni. Amuna akukuonera ngati filimu."

Amayi sanachite phokoso. Anangoti, "Rahila, pita ukamuuze achichotse. Apo ayi, asadzapondenso pakhomo pano."

Ndinakwera basi. Nyumba ya chionetseroyo ndi yoyera mbee, anthu akulankhula monong'ona ngati ali pamaliro, ine ndi patapata wanga phwa phwa phwa. Kenako ndinawaona bambo. Kofia yopendekera, tepi m'khosi, mapini pakamwa, akuwayang'ana amayi cham'mbali monga ankachitira akafuna tiyi koma osafuna kupempha. Ndinakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Mayi wina mwa oweruzawo anandipatsa madzi, n'kundiuza kuti chithunzi chimenechi ndicho akuchiganizira pa mphoto.

Komabe uthenga ndinaupereka wonse, osachotsera.

Zaidi anafunsa kuti, "Achemwali, amayiwo achiona?"

Ndinati ayi.

"Ndiye akukana chiyani?"

Atatero anapita pakhoma pamene panali chithunzicho. Anachitsitsa yekha, oweruza akumuchonderera kuti adikire Loweruka adzalengeze wopambana, ndipo anaching'amba iwo akuona. Ine ndinkayesa zathera pomwepo, koma ananditengera kuntchito kwake. Anayatsa kompyuta, bambo ndi amayi n'kutulukiranso pagalasi.

"Pepala lija si kanthu, chenichenicho chili umu," anatero. "Yang'anitsitsani, mukawauze amalume kuti mwaona ndi maso anu."

Anadina kawiri, pagalasi panatsala mbee. Ndinakuwa kuti awabweze. Anati palibenso kowatenga. Sanalire, achimwene, ndipo bola akadalira.

Sabata yatha mnzake wa kuntchito anatumiza mawu kuti Zaidi wasiya ntchito, ndipo anamuona ku depoti akufunsa za mabasi a ku Joni. Kuno sindinauze munthu.

Dzana masana ndikuwapesa tsitsi amayi, anandifunsa chapansipansi kuti, "Iwe unachiona. Anawaveka kofia iti?"

Ndinati yoyera yoluka ija.

"Nanga chipsera cha pachibwano anachikumbukira?"

Ndinati eya, anachikumbukira.

Kenako anati, "Eda ikatha umuuze adzandionetse ndili ndekha, chitseko chotseka. Amalume ako asamve. Nkhope ya bambo ako yayamba kundithawa."

Ndinangopitiriza kupesa. Ine ndikanayambira pati kuwauza?

Ndiye pempho langa ndi ili. Akagogoda kwanuko, chonde musamukalipire, zokalipa wamva zokwanira. Mumpatse chakudya ndi pogona. Akakhazikika mtima, mumufunse mwanzeru ngati dzanja lake likuwakumbukirabe bambo. Ine ndimayesa kuwajambula ndi pensulo, koma amatuluka munthu wina wosamudziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana. Amalume akupereka moni, akuti nkhaniyo inatha bwino. Amayi akupereka moni kwa inu nonse, mmodzimmodzi. Atinso ndilembe kalata ku Lilongwe, ndimuuze Zaidi kuti malaya ake a pa Idi, amene bambo anawasiya opanda kolala, amayiwo awamaliza okha pa makina aja, ndiye adzabwere adzayese. Ku Lilongweko kulibe woilandira kalatayo, n'chifukwa chake ndalembera inu.

Ndine mlongo wanu,
Rahila.