Musawaotche Mabuku a Mwanayo

Okondedwa akulu anga,

Landirani moni wanga wochokera pansi pa mtima. Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo uja umakuvutani kukazizira, wayamba kumvera mankhwala kapena ukuchitabe makani ngati mwini wake? Amayi akupeza bwanji, mapiritsi akumwa kapena akuwabisabe m'thumba la juzi? Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine chinandigwetsa sabata yatha, koma tsopano chandisiya.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali kochapira zovala pahotela paja, m'chipinda chapansi chopanda zenera, momwe nthunzi imatiphika kuyambira m'mawa. Makina amodzi mwa aakulu aja awonongeka, ndiye matawulo akumaunjikana mpaka m'chiuno. Kunyumba nako eni ake akuti akonza denga mvula isanayambe, mawu omwe aja ananena chaka chatha. Beseni langa lili tcheru pakona.

Koma chimene ndalembera si denga. Mwana wathu wachisamba anandiimbira Lamlungu masana pa foni ya mnzake. Anandiuza kuti mwamulanda mabuku onse amene ndakhala ndikumutumizira, mwawatsekera m'sutikesi, ndipo amayi a mapemphero akabwera kumapeto kwa mwezi mudzawaotcha kuseri kwa nyumba. Anati simukuyankhulana, chakudya akumadyera kuchipinda. Kenako anandipempha kuti abwere adzakhale ndi ine, ngakhale sukulu ithere pomwepo. Ndinamukaniza, ndinati mwana sathawa mayi ake chifukwa cha mapepala. Koma ndachita mantha, akulu anga. Mawu ake sanali a mwana wongonyanyala, anali a munthu amene mumtima walongedza kale.

Ndikudziwa chimene chakuopsani. Zikuto za mabukuwo n'zonyansa, sindikana. China chili ndi dzanja lotulukira pansi pa bedi, china nkhope yopanda pakamwa. Ndikanakhala ine ndapeza zoterezi pansi pa matiresi a mtsikana amene bambo ake anatisiya chaka chatha chomwechi, nanenso ndikanathamangira kwa anzanga a kutchalitchi. Koma lolani ndikuuzeni momwe mabukuwa anandipezera, kenako muweruze.

Loyamba analiiwala mlendo wina. Linatsikira kwathu kuno litakulungika m'nsalu zoyala pabedi, pang'ono lilowe m'makina, ndipo mwini wake sanalifunsenso. Tsiku lina masana tikupinda matawulo ndinalitsegula n'kuwerenga ndime imodzi mokweza, mongocheza. Mnzanga wina, timamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazima, anakhala chete koyamba chiyambire ntchito. Anati ndipitirize, matawulo anga apinda iyeyo. Kuyambira pamenepo lakhala lamulo lathu kuti wowerenga sapinda. Ine ndimakhala pa ndowa yovundikira, anzanga manja ali pa matawulo, makutu ali kwa ine. Mukudziwa inu kuti ine ndi ntchito ya manja sitinamwerane madzi chibadwire, ndiye musadabwe kumva kuti wowerenga sasintha.

Akapitawo poyamba anakalipa, ati pano si pasukulu. Lero ndi iwowo amafunsa ngati tafika pamene mayi wa m'bukumo akutsegula chitseko. Kuchipinda chosungira sopo sapitanso okha, amati ndiwaperekeze ndikawathandize katundu, tikafika katunduyo n'kukhala kabotolo kamodzi. Wailesi naye anaiwala simbi pa pilokesi tsiku lina nkhani itafika pakolasa, ndipo mpaka lero akuti wolakwa ndine chifukwa ndinatsitsa mawu.

Mabuku a masiku anowa si a zilombo za nyanga zimene mukuganizira. Olemba ake amatenga zinthu zathu zomwezi, nyumba ya lendi, foni, basi ya m'mawa, khonde la chipatala, n'kupotoza kanthu kamodzi kokha. Wolemba waluso sakuonetsa choopsacho, amangokusiya ukumva kuti m'chipindamo simuli nokha. Alipo ena ongothira magazi tsamba lililonse ngati kubutchala. Amenewo timawabwezera kwa bambo wogulitsa mabuku akale pa siteji ya basi, ndipo kwa mwana sindinatumizepo ngakhale limodzi. Lililonse limene lili m'sutikesi mwanumo ndinayamba ndaliwerenga ndekha mpaka kumapeto.

Chimene ndimawakondera n'chakuti mantha ake umatha kuwatseka. Mtima umagunda, thupi n'kuchita tsemwe, koma ukafuna umapinda tsamba n'kukamwa madzi. Mantha amene tinaona ife kuchipatala kuja, alamu akupuma movutika, analibe potsekera. Mwanayo anali pomwepo, atagwira chitsulo cha bedi. Anaona zonse, ndipo pa maliro tonse tinatanganidwa ndi alendo, palibe anamufunsa kanthu.

M'buku la chikuto chobiriwira muli nkhani ya kapu. Banja lina linaferedwa mwana wamkulu, ndipo popanda kupangana onse anasiya kumutchula. M'mawa uliwonse amapeza kapu yake ili patebulo, yofunda ngati wina wangomwera kumene. Mayi amaitsuka n'kuibisa, osanena kanthu. Kukacha kapu ija ili pomwepo, koma imodzi mwa makapu a amoyo yasowa. Amene kapu yake yasowa, enawo amayamba kumuiwala, kumudutsa pakhomo osamuona, iye akuwaitana. Mathero sindikuuzani, wowerenga wabwino saulula.

Tsiku limene ndinaiwerenga kuntchito, mayi wina wachikulire wosita, amene sitinkadziwa n'komwe kuti anaberekapo, anaimika simbi n'kutiuza za mwana wake amene anamwalira kalekale. Anamutchula dzina, n'kuti ankavala nsapato mosemphanitsa ndipo ukamukonza ankalira. Tinalira naye, kenako tinaseka naye. Matawulo tsiku limenelo anachedwa kukwera kumwamba.

Mwana wathu anandiuza kuti nkhani imeneyi waibwereza mpaka masamba ayamba kuthothoka. Nditamufunsa chifukwa chake, anati nyumba ya m'bukumo ndi yanuyo. Anati chithunzi cha bambo ake munachichotsa pakhoma, ndipo iye akangoyamba kunena zimene ababa ankakonda kunena, inu mumadzuka n'kukayang'ana zapamoto, ngakhale pamoto palibe kanthu. Anati sakuitana mizimu ayi. Akungofuna malo amene anthu amaloledwa kunena kuti munthu anamwalira ndipo zikuwawa, ndiye malowo wawapeza m'mabuku.

Sindikukuweruzani, akulu anga. Mwamuna anali wanu, ndipo bala lalikulu ndi lanu. Ndikudziwa kuti munatseka pakamwa kuti muthe kuima, pakuti ana, amayi odwala ndi makina osokera aja zonse zikuyang'ana inu. Ine ndili kutali, kulankhula n'kosavuta. Komanso ndinu amene munandilera, munkandiperekeza kuchimbudzi ndili kamwana chifukwa ndinkaopa mthunzi wanga womwe, osandinyoza. Munthu wamantha mumadziwa kumugwira dzanja kuposa aliyense. Mwanayo akufuna dzanja lomwelo, kungoti wakula ndipo sangapemphe.

Pempho langa ndi limodzi. Musawaotche mabukuwo. Amayi a mapemphero abwere, apemphere, nafenso kuno timapemphera, koma machesi akhale kukhitchini. Tulutsani lobiriwiralo masana dzuwa likuswa mtengo, khalani pa makina anu ngati mukuopa kumuyang'ana kumaso, iye akuwerengereni nkhani ya kapu mpaka kumapeto. Mukaimva n'kuona kuti n'zoipa, ndiuzeni, sindidzatumizanso, ndipo enawo mundibwezere ndi adalaivala a basi aja timatuma. Koma yambani mwamva. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabuku mukaotcha, kwa bambo wa pasiteji uja ena alipo. Koma mtsikanayo akazolowera kuuza foni ya mnzake zimene zikanafika kwa mayi ake, tsiku lina adzakwera basi, ndipo mwina sikudzakhala kwa ine kumene adzatsikire.

Ngati kuyamba kukuvutani, ndiyambe ndine. Alamu anali munthu woimba moipa kuposa onse amene ndinawamvapo, ndipo ankaimba mokweza, makamaka akamameta ndevu. Inu munkawaponyera thawulo kuti atonthole, iwo n'kuyambiranso ndime yoyamba. Tsiku limene ndinkanyamuka kubwera kuno anandisenzera chikwama mpaka pa basi, akuuza aliyense panjira kuti mlamu wawo akukakhala bwana. Sanandifunsepo chifukwa chimene bwanayo amachapira matawulo. Ndawasowa kwambiri, akulu anga. Ndalemba apa, ndalira, ndipo palibe choipa chachitika. Ndime iyi muwawerengere ana, kenako muwonjezere zanu, pakuti inu muli nazo zambiri kuposa ine.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya bwino ndipo asamandidere nkhawa. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa mlongo wathu ndi akazi ake, ndinso kwa anansi onse amene amakuthandizani. Mwana wathu wachisamba mumuuze kuti mayi ake aang'ono amamukonda, koma malo ake ndi kwa inu. Mzime wathu naye mumupsompsone pachipumi. Ndamva kuti wayamba kufunsa mkulu wake monong'ona ngati bambo awo anali aatali kapena aafupi, poti nkhope yayamba kumuthawa. Mumuyankhe ndinu, akulu anga. Mumuuze kuti anali aatali, ankawerama polowa pakhomo panu.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Mayi aang'ono a ana