Misomali Isanu Pamwamba pa Galasi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Nanga msana uja ukuti bwanji masiku ano? Achemwali anandiuza kuti mwayambiranso kunyamula ndowa nokha adzukulu ali chikhalire pakhonde. Amayi, ana amenewo ndi otuma, musamawasunge ngati mazira. Kuno tilipo. Mpongozi wanu ali bwino, ndipo kamwana kathu kayamba kumera mano moti kakuluma aliyense wokayandikira. Denga likudonthabe pakona paja. Eninyumba akuti akonza mvula ikatha, ine nkumadabwa kuti mvula ikatha tidzalidandauliranji.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mawu amandithawa, komanso achimwene amakhala ali pafupi nkumamva zonse. Achemwali akuwerengereni pang'onopang'ono. Nkhani ndi ya achimwene omwewo. Bala la pamene anadula mwendo paja linapola bwino, shuga nayenso watsika, ndipo adokotala anati tsopano azipita kukayezetsa mwendo woikirira ndi kuphunzira kuyenda nawo. Anayamba ndi mtima wonse. Pano asiya, akukana kwamtuwagalu. Adokotala akuti akakhalitsa pa njinga ya olumala ija, bondo liuma chopindika ndipo mwendo woikirirawo sudzathekanso. Chimene chawasiyitsa ndinachiona ndi maso angawa, lumo lili m'manja.

Mukudziwa kuti ndimameta anthu m'shopu ya abwana ena kuseri kwa depoti. Ndi kachipinda ka mipando iwiri ndi benchi, koma phokoso lake mungati ndi msika. Obwera kudzameta ndi ochepa, ambiri amabwera kudzakangana za basiketibolo. Munthu wameta dzulo, mutu uli mbee, lero wabweranso kudzatsutsa zimene mnzake ananena. Pamwamba pa galasi pali misomali isanu, poti timu imalowa m'bwalo ndi anthu asanu, ndipo pa msomali uliwonse pali chithunzi cha katswiri amene iwo amati tauni ino sinaonenso wina wonga iye. Wachinyamata akatchuka, sakhoma msomali wina ayi. Amakweza manja, mmodzi atsike kuti winayo akwere. Ife ometa sitivota. Manja akafanana, wodula mlandu ndi amene wapezeka pampando wometera nthawi imeneyo, kaya mpira amaudziwa kaya saudziwa. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Msomali wapakati unali wa achimwene. Pachithunzipo ali m'malere, jezi yofiira, dzanja lili pamwamba pa mkombero wolowetsamo mpira, ndipo m'munsi munalembedwa kuti Mlongoti, dzina limene tauni yonse inkawadziwa nalo. Nditangoyamba ntchito ndinawauza anthuwo kuti amenewo ndi akulu anga bere limodzi. Anaseka mpaka wina kutsamwa. Kondakitala wina wapakamwa, amene amaswera m'shopumo minibasi yawo ikafa, anati ngati ine ndili mbale wa Mlongoti ndiye kuti iyeyo ndi mlamu wake wa mwezi. Sindiwada, paja inu nomwe mumati msinkhu wonse unathera pa mwana woyamba, ine mzime ndinangotola nyenyeswa. Ndinaisiya nkhaniyo. Atadwala, achimwene anandiletsanso okha kuti ndisamauze anthu za iwo.

Mwezi watha ndinaona kuti abindikira nthawi yaitali, tsitsi lili nyankhalala, ndevu zatuwa, masaya alowa. Ndinawanyengerera kuti Loweruka ndiwatengere kushopu m'mawa anthu asanadzaze, ndikawamete bwinobwino, akaonenso chithunzi chawo. Ndinkati chikhala mankhwala. Tinafika, ndinawathandiza kukhala pampando, njinga ndinakaiika kuchipinda chakumbuyo kumene timasunga matawulo ndi tsache, kenako ndinawafunditsa nsalu yometera kuyambira m'khosi mpaka pansi. Anayang'ana m'mwamba nkumwetulira, nkunena kuti kabudula ameneyo ankawafinya koopsa koma kochi ankati wina kulibe. Amayi, kumwetulira kumeneko ndinali nditakusowa chichokereni kuchipatala.

Ndisanafike ndi pakati pa mutu pomwe, gulu lija linalowa. Kondakitala uja anali patsogolo, atanyamula chithunzi cha mnyamata wina amene akumutcha Mphezi. Ameneyu ndi mwana wa dzulodzuloli, sanakwanitse ndi zaka makumi awiri, koma amaponya mpira ali kutali nkulowa osakhudza chitsulo, ndipo mphekesera ili ponseponse yoti matimu akunja akumufuna. Kondakitala anati lero ndi lero, Mphezi akwera, ndipo wotsika ndi Mlongoti.

Atelala a shopu yoyandikana nafe, bambo wachikulire amene amati sanaphonyepo masewero a achimwene, anaimirira tepi ili m'khosi. Anati mwana ameneyo ayambe wamera ndevu. Anati Mlongoti ankabereka timu yonse kumsana, mpira ukagunda chitsulo nkubwerera unali wake basi, ndipo anthu ankaopa kudumpha iye ali pansi pa mkombero. Kondakitala anangofunsa kuti nanga zikho anatenga zingati. Apa ndiye panavuta, poti mukudziwa kuti chikho sanachigwirepo, ankangofika kumapeto nkugwa. Atelala anati chikho satenga munthu mmodzi, ndipo matimu olemera anamuitana kangapo iye nkukana kusiya anzake. Kondakitala anati kumeneko si kukhulupirika koma mantha. Wina anaonjeza kuti masiku amenewo ankasewera ndi anthu afupiafupi ngati wometayu, nkundiloza ine, ndiye kutalika kokhako kunali kokwanira. Winanso anati pafoni palibe ndi kanema mmodzi yemwe wa Mlongoti, ndiye tidziwa bwanji kuti madalawa sakungotinamiza.

Nthawi yonseyi mwini nkhani ali pakati pawo, ine ndikumeta. Palibe anawayang'ana kawiri. Anthu ampira amamudziwa munthu ataimirira, Amayi. Amadziwa msinkhu, nambala ya pajezi ndi kadumphidwe. Munthu wokhala pansi, wowonda, wa imvi, kwa iwo ndi kasitomala chabe. Atelala anafika podziguguda pachifuwa kuti iwo Mlongoti angamuzindikire ngakhale mumdima, akunena izi ataima pafupi moti chigongono chawo chinkakhudza mpando.

Kenako mnyamata wina wogulitsa machaja a foni anafunsa kuti paja Mlongotiyo anamwalira eti. Wina anati anamva choncho chaka chatha. Wina anati ayi, anapita kwawo. Anakambirana pang'ono ngati akukamba za basi imene inasiya kuyenda, nkubwerera ku zikho.

Ndinazimitsa makina kuti ndiwauze kuti munthu mukumuika m'mandayo ndi uyu. Koma dzanja linatuluka pansi pa nsalu nkundigwira pamkono, dzanja lija lotha kugwira mpira ngati lalanje. Anandiyang'ana pagalasi nkupukusa mutu pang'ono. Ndinayatsanso makina.

Anthu aja anakweza manja, abwana nkuwerenga, ndipo anafanana. Shopu yonse inatembenukira kumpando. Kondakitala anawagwira achimwene paphewa nkuwauza mwambo wake, nkuwafunsa ngati basiketibolo anaionerako. Anayankha kuti pang'ono. Atelala anawapempha kuti asachititse manyazi imvi zawozo. Ine ndinkadziwa kuti angotchula dzina lawo nkhani nkutha.

Achimwene anayankhula motsitsa, maso ali pachithunzi chawo chomwe.

"Mwanayo ndamuonera pafoni, ndi wabwino. Pa msinkhu wakewo Mlongoti sankafika pamenepo. Mukwezeni. Koma amene amayankhula naye akamuuze kuti akadumpha azitera ndi miyendo yonse iwiri, akuulemetsa wakumanzere. Winayo mutsitseni, anatha kale."

Anyamata anakuwa, kuwomba m'manja, kondakitala mpaka kuwatcha madala ozindikira. Atelala anapsa mtima zenizeni. Anawaloza chala kumaso nkuwauza kuti anthu ngati iwo, amene sanagwirepo mpira chibadwire, ndi amene amapha mbiri ya anzawo, ndipo tsiku limene adzakumane ndi Mlongoti adzagwade nkupepesa. Achimwene anangoti amva. Atelala anatuluka nkumenyetsa chitseko. Bambo ameneyo amawakonda achimwene kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo ndi yemweyo amene anawalasa kwambiri.

Kondakitala anakwera pabenchi, anatsitsa chithunzi chija nkundipatsa ine kuti ndione kochiika. Pakhoma panatsala chizindikiro choyera pamene chinali, koma cha Mphezi chinaphimba pompo. Ndinachiika m'dilowa ya malumo. Achimwene anandiuza kuti ndiwamete ndevu mosafulumira, kenako anati ndiwasambitsenso m'mutu, kenako anati ndikonze m'mbali. Ndinazindikira kuti akudikira kuti anthu atuluke, asaone njinga. Gulu litapita kukaonera masewero a masana, ndinakaitenga. Abwana ataona ndikuchotsa nsalu ija, anayang'ana mwendo, anayang'ana manja aja, anayang'ananso pakhoma, nkugwira pakamwa. Achimwene anawapempha kuti asauze munthu. Ndinawakweza pa njinga ija nkubwerera nawo kunyumba.

Chiyambire tsiku limenelo sanapitenso kuchipatala. Amakhala pawindo kuyang'ana khoma la nyumba ya aneba. Chakudya amangochitokosa, mpongozi wanu amabweza mbale ili chimodzimodzi. Mpira wawo wakale uja, umene ankaupopa mlungu uliwonse ngakhale ali pabedi, anaupereka kwa ana a mumsewu. Sakwiya, sadandaula, ndipo chimenecho ndi chimene chikundiopsa. Bola akanandikalipira kuti ndinawatengeranji kumeneko.

Ndayesa zonse zimene mutu wanga waung'onowu ungathe. Ndinawauza kuti ndikawaitana Atelala adzapepese, anati ndikatero asamuka. Ndinabweretsa chithunzi chija kuti ndichikhome pabalaza, anati ndichibweze kumene ndachitenga. Ndinawauza kuti mwendo woikirira ukabwera adzalowa m'shopu muja ataimirira, mutu ukugunda pachitseko, anthu onse aja adzasowa pothawira. Anandiyang'ana nthawi yaitali nkundifunsa kuti, "Ndiimirire kuti andione ndani, mng'ono wanga? Amene akumufunayo ngakhale ine ndilibe."

Ndinapita kubafa nkutsegula mpopi kuti asandimve ndikulira. Mtima wanga wasweka, Amayi, sindikubisirani. Munthu amene ankandinyamula paphewa kuti ndione bwalo, lero ndikumunyamula ine kupita naye kuchimbudzi, ndipo sindikudandaula kulemera kwake, ndikudandaula kuti akupepuka mlungu ndi mlungu.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo msana sukulolani, koma alamu avomera kukuperekezani, ndipo pogona takonza kale, ife tigona pabalaza. Ndaganiza ndithu chifukwa chake ine ndikulephera. Ndikawayang'ana ndimaonabe Mlongoti, ndipo iwo amaziona zimenezo m'maso mwanga. Mpongozi wanu naye anawadziwira m'nyuzipepala. Adokotala nawonso tsiku loyamba anawapempha kujambulitsa nawo. Tonse kuno, owakonda ndi owanyoza, tikuwayeza ndi munthu wa jezi yofiira uja. Inu nokha simunapondepo pabwalo kukawaonera ngakhale tsiku limodzi. Munkati mpirawo ukungomaliza nsapato, abwere adzathandize ntchito pakhomo. Kale zinkawawawa zimenezo. Lero ndinu nokha mwatsala amene mungalowe pakhomo nkuona mwana wanu basi.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, muwauze kuti ndathokoza chifukwa chokusamalirani. Moni kwa amalume, ndamva za diso lawo, asazengereze kupita kuchipatala. Moni kwa azakhali, kwa asuweni onse, ndi kwa adzukulu anu aulesiwo. Mpongozi wanu akuti akusowani kwambiri. Achimwene sakudziwa kuti ndalemba, ndiye moni wawo sindinama kuti apereka.

Mukafika musadzawachonderere, ndipo za mpira musadzazitchule nkomwe. Mudzangowaitana ndi dzina lija la pakhomo, mudzawakalipire kuti sakudya, kenako mudzawauze kuti mawa mukupita nawo kuchipatala. Ine angandikanire, koma inu sanakuyankhenipo chibadwire. Chonde musadikire kuti mvula ithe, bondo silidikira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mzime wanu, wometa anthu uja