Makala a Masiku Asanu

Lishui,
12 Novembala 2023

Okondedwa achimwene Dehai,

Ndalemba pamanja, ndipo ndijambula ndi foni kuti ikupezeni lero lomwe pa sitima ya pamadzi yanuyo, chifukwa pakamwa sindingathe. Kuno kwayamba kuzizira. Amayi bondo lija likuwavutabe, koma akakamira kuthyola okha malalanje.

Achimwene, ndapalamula, ndipo ndilibe wina womuuza.

Paja pa fakitale ya apongozi anga ndine ndimadinda pepala lotsimikiza kuti makala athu a nsungwi akhala pamphepo masiku khumi ndi anayi asanalowe mu kontena. Munandiuza ndinu kuti makala osapola amatentha okha mwakachetechete mpaka kuyaka pakati pa nyanja. Ulendo uno mvula inatichedwetsa, wogula akutipanikiza. Lolemba apongozi analongedza makala a masiku asanu okha. Nditapisa dzanja m'thumba limodzi, munali mofunda.

"Bambo, awatu sanapole," ndinatero.

"Iwe, makala ndinayamba kuwotcha usanabadwe. Dinda apa, tiyi wanga akuzizira."

Mwamuna wanga Songlin ankangoyang'ana nsapato zake. Ndinadinda, kontena n'kupita ku doko la Ningbo.

Chimene chikundidya kwambiri ndi ichi. Tsiku lomwelo ndinafufuza dzina la sitima yodzanyamula katunduyo. Nditaona kuti si yanu, mtima unakhala pansi. Ndinaphika, ndinadya, ndinaseka ndi mwana. Masiku anayi, achimwene! Lachisanu nditapita kwa amayi ndinawapeza akuyatsa lubani, akupempherera inu, kenako anawonjezera kuti, "Ndi ana a eni onse amene ali pamadzi." Manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire.

Ndinaimbira kampani ya sitimayo n'kuulula zonse. Bambo amene anayankha anati, "Mayi, yanyamukatu dzulo, ndipo pamwamba pa kontena yanuyo pali ena asanu ndi limodzi." Akuti kaputeni wauzidwa. Akuyeza kutentha kwa kontenayo maola awiri alionse, ndipo mapaipi a madzi ayala kale. Doko loti akaitsitse adzafika Lachinayi. M'sitimamo muli anthu makumi awiri ndi awiri.

Apongozi anandilanda chidindo, n'kuuza Songlin ine ndili pomwepo kuti, "Mkazi wakoyu watigulitsa." Songlin sanandiperekeze. Pano ndili kwa amayi ndi mwana wanga Xiaohe. Amayi akuganiza kuti tangobwera kudzacheza, ndiye chonde musawauze kaye.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda. Xiaohe akufunsa tsiku lobwera amalume ake. Mupereke moni kwa anzanu onse amene mukugwira nawo ntchito, ngakhale sakundidziwa. Ndipo achimwene, inu nkhani za panyanja mumazimva msanga kuposa ife. Mukamva chilichonse lisanafike Lachinayi, musandinyengerere. Mundiuze mmene zilili, ndi mayina omwe a anthu a m'sitimamo.

Ine mlongo wanu,
Qiaoyun